Bwalo Loyezedwa ndi Mapazi

M'shedi ya a Nyundo munalibe chitsulo chodulidwa mongoyerekeza. Felemu la chitseko, geti, ngakhale kambedza kopachikapo chipewa, chilichonse chinkayamba chalawa tepi. Tepiyo inkakhala m'thumba lakumanja la ovolosi yawo, ndipo aliyense amene anaphunzira kuwotcherera zitsulo m'manja mwawo analoweza mawu awo ngati pemphero: "Diso ndi mboni yonama, funsa tepi." Dzina la Nyundolo silinali la kubadwa. Anthu anawapatsa chifukwa mawu awo akagwera pa munthu ankasiya chipsera.

Kuseri kwa shediyo kunali chuma chawo chenicheni, bwalo la mpira. Zaka makumi atatu m'mbuyomo pamalopo panali tchire ndi dzala la zinyalala. A Nyundo anasosa, anasalaza, anayeza okha ndi mapazi, nawotcherera magolo ndi manja awo. Timu imene inabadwira pamenepo anthu ankangoitcha Amisiri, ndipo inakwera kuchokera ku mpira wa m'fumbi mpaka kukakhala m'ligi yaikulu. Matimu achilendo ankanong'ona kuti bwalolo n'lokhwimira, poti mpira ukangomenyedwa kutsogolo unkatuluka munthu asanaupeze. A Nyundo akamva zimenezo ankagunda pachifuwa. "Mankhwala ake ndi thukuta basi."

Chaka china bungwe loyendetsa mpira linalengeza kuti ligi yaikulu ikonzedwanso. Matimu achoka pa 16 kufika pa 12, ndipo yolowamo iyenera kukhala ndi chiphaso. Kugoletsa zigoli kokha sikunali kokwanira. Ankafuna mpanda, zipinda zosinthiramo zovala, kochi wa satifiketi, dokotala wa timu, ndi bwalo losachepera mamita zana m'litali. Anapereka miyezi itatu yokonzekera.

Amisiri anali atamaliza pa nambala yachitatu, ndiye a Nyundo sanatekeseke. Mpanda anauwotcherera m'milungu itatu. Zipinda anazimanga, nakhomamo zitseko zosalira potsekula. Kochi anali nayo satifiketi, dokotala anapezeka. Masana ena mwana wawo wachisamba, mayi wa ana awiri amenenso anali mlembi wa timu, analowa m'shedi ndi fomu m'manja.

"Ababa, patsala mzere umodzi. Akufunsa kutalika kwa bwalo."

"Lemba 105."

"Ndibwerekeni tepi tikayeze kaye."

A Nyundo anakweza chigoba chowotcherera nacho n'kumuyang'ana. "Iwe, ndinkayeza bwalo limenelo uli kubere. Mapazi 105, phazi lililonse mita imodzi. Ndinawerenga katatu."

"Si inu nomwe mumati diso ndi mboni yonama?"

"Ndinati diso. Phazi sindinalitchule."

Akazi awo, amene anali atabwera ndi tiyi, anaika kapu pa benchi mwakachetechete. "Abambo, ine ndikukumbuka bwino. Mlungu umene munkayeza bwalo ndi womwe uja chitsulo chinakugwerani pachala chakuphazi. Munkayenda chotsimphina ngati bakha wopondedwa ndi njinga. Wokuthowani ndinali ine."

Antchito a m'shedimo anaweramira ntchito zawo, mapewa akugwedera ndi phwete. Mawuwo akananenedwa kuchipinda, mwina akanalowa m'khutu. Koma ananenedwa pamaso pa antchito, ndipo khosi la a Nyundo linauma gwa.

"Tepi yanga sidzaponda pa bwalo langa. Lemba, udinde, utumize!"

Panalinso china chimene sankanena. Kumapeto kwina kwa bwalo kunali ngalande ya msewu, yosasunthika. Kumapeto kwinako golo linatsamira khoma la shedi, shedi yomwe anaimanga njerwa imodziimodzi ali mnyamata wopanda nsapato. Bwalo likanapezeka lalifupi, chochoka chinali chodziwikiratu. Mtima wawo unkanong'ona, iwo nauphimba ndi phokoso la makina. Mwanayo analemba 105, ndipo miyezi itatu ija inapita ngati utsi.

Oyendera mabwalo anafika m'mawa wina. Mtsogoleri wawo anali Ulimbo, amene kale anali goloboyi wa Amisiri, wotchedwa choncho chifukwa mpira unkamata m'manja mwake. Anagwedeza mpanda, sunatekeseke. Anatsekula zitseko nayamikira. Kenaka anatulutsa tepi yaitali yokulunga, mnzake nagwira kunsonga. Anayeza, nayezanso.

"Madala," anatero motsitsa mawu, "ndi mamita 94."

"Tepi yakoyo inatamuka ndi dzuwa."

A Nyundo anapisa m'thumba lakumanja. Tepi yawo inali ya mamita asanu okha, ndiye anagwada pa mzere wa m'mbali, kuitambasula, kulemba ndi msomali, kukwawira kutsogolo. Anthu amene anadzaonerera anaona nkhalamba ikuyenda ndi mawondo pa bwalo lake lomwe. Anatambasula kakhumi ndi kasanu n'katatu, panatsala mamita anayi. Tepi yawo yomwe inawatsutsa.

Anadzuka pang'onopang'ono. "Ulimbo, magolovesi ako oyamba ndinakuveka ndine."

"N'zoona, madala, sindidzaiwala. Munandiphunzitsanso kuti mpira ukadutsa mzere ndi chigoli, ngakhale goloboyi alire chotani. Mukanayeza mwezi watha, bwenzi nthawi yokonza ilipo. Lero khomo latsekeka."

Mndandanda wa matimu khumi ndi awiri unawerengedwa pa wailesi, ndipo Amisiri munalibe. Malo awo anatenga timu imene iwo anaikwapula zigoli zisanu kwa duu chaka chomwecho. Osewera atatu odalirika anatsanzika. Pamsika achipongwe sanachedwe. "A Nyundo, ndikufuna geti, koma chonde osayeza ndi mapazi!" Kunyumba akazi awo sananene kuti ndinakuuzani. Ankangowaikira chakudya, ndipo kukhala chete kumeneko kunkaluma kuposa chipongwe cha pamsika.

Patapita mlungu a Nyundo anaitanitsa osewera ndi ochemerera onse pabwalo, dzuwa lili pamutu. Ena anabwera ndi mawu akuti akadandaule ku bungwe, ena akuti Ulimbo ndi kape wosayamika. A Nyundo anakweza dzanja.

"Bungwe silinatilakwire. Ulimbo sanatilakwire. Mwana wanga anapempha tepi, ndinamukaniza. Mayi akewa anandikumbutsa za chala, ndinawatseka pakamwa. Mwatuluka m'ligi si chifukwa cha miyendo yanu, anyamata, koma chifukwa cha mwendo wanga."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, nalekeza pakati.

"Pakufunika mamita asanu ndi imodzi kuti tikwane zana," anatero kochi. "Tikadula shedi pakati, theka litsala."

"Ayi. Ndinalembetsa mwana wanga 105, nadinda ndi dzina lake. Sindingamusiye ali wabodza. Ichoke yonse."

Analowa m'shedi natuluka ndi nyundo yaikulu yophwanyira miyala. Anaima pakhoma lija, naligwira kaye ndi chikhatho monga munthu wotsanzikana ndi mbale wake, kenaka anamenya. Njerwa yoyamba itagwa, kaputeni wa timu anavula shati. Pofika madzulo mzere wa anthu unali ukupatsirana njerwa, amayi akuimba nyimbo za timu, fumbi lili koboo. Makina anasamukira pakhomo pa a Nyundo, pansi pa lona, pomwe mvula ikagwa ntchito inkaima. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

Chaka cha m'ligi yaing'ono chinali chowawa. Ankayenda m'misewu ya mabampu kukasewera pa mabwalo odyetsera mbuzi, ochemerera a kumeneko akutsimphina mwadala pamene a Nyundo akudutsa. Iwo ankangovula chipewa n'kuwapatsa moni. Amisiri anagonja kawiri kokha, natenga chikho kutatsala masewero atatu.

Ulimbo atabweranso anapeza khamu likumudikira, kapinga watsopano atamera pamene panali shedi. Anatambasula tepi yake, naiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamwetulira.

"Mamita 105, madala. Osapitirira, osaperewera."

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. A Nyundo anaima chilili, chifuwa patsogolo, misozi ili lengelenge m'maso koma osagwa. Akazi awo anawagunyuza ndi chigongono.

"Abambo, lero mukuyenda bwinobwino. Bwanji osatsimikiza ndi mapazi?"

"Mayi, phazi linapuma pantchito." Anatulutsa tepi ija m'thumba lakumanja, naiika m'manja mwa mwana wawo. "Iwe mlembi, gwira. Ndikadzakuuzanso kuti lemba, uzidzayamba wafunsa iyi."

Tsiku lotsegulira ligi yaikulu, Amisiri analowa pa bwalo lawo, ndipo golo la kumtunda linali litaima ndendende pamene kale panali benchi ya a Nyundo. Amene ankatsimphina mowanyoza aja analipira pageti kuti adzaonere. Anthu a kumeneko akamasimba nkhaniyi sabisa kuti mkuluyo anapunthwa, ndipo anapunthwa pagulu. Koma amamaliza ndi mawu amene akale anasiya: dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu.