Mankhwala a Maulidi Anagwirana M'thumba

A Maulidi, mkulu wa ku Mangochi wokhala pa fulati ina yothinana ku Berea, mumzinda wa Durban, anali ndi chilonda pachidendene chokana kupola. Ntchito ya ulonda inali itapezeka ku Umhlanga, yoti akayambe Lolemba. Koma mlonda wolephera kuvala jombo angamulembe ndani?

Kuchipatala anawapatsa kabotolo kapulasitiki ka mankhwala atsopano. Mankhwalawa akakhala pozizira amayenderera ngati madzi, koma akangokhudza thupi lofunda amagwirana, n'kumatulutsa mphamvu yake pang'onopang'ono pachilonda. Nesi anafotokoza zonsezi m'Chizulu chothamanga. A Maulidi, poopa kudziwika kuti ndi obwera, ankangoti "yebo, yebo," chonsecho sanatolepo kanthu.

Kunyumba mkazi wawo, Husna, anakagwira kabotolo kaja.

"Bambo, kakuziziratu aka. Si ka m'firiji?"

"Firiji ya fulati yonse? Yomwe ija inameza usipa wanga? Iyayi!"

Anakalowetsa m'thumba la m'kati mwa thalauza, momwe amasungamo pasipoti, n'kugona nako. Kutacha, mankhwala anali gwa!

"Bwererani mukafunse," anatero Husna.

"Ndikafunse chiyani? Mafuta akaundana timatani, sitiwatenthetsa?"

Anakaviika m'madzi otentha, ayi ndithu. Anakayanika pawindo, dzuwa la Durban n'kukawomba tsiku lonse, mankhwala osasuntha. Apa mtima unawapsa. Anang'amba kabotolo ndi mpeni, n'kutenga supuni.

"Mankhwala ndi mankhwala. Njira ya kuchidendene akaipeza okha."

Anameza onse, nkhope ili nyanyu.

Njira anaipezadi, koma inali ina. Lolemba lonse a Maulidi analondera chimbudzi, anzawo a pafulati akugogoda chitseko ndi kutukwana. Ku Umhlanga jombo zija anavala wina.

Lachiwiri Husna anawakokera kuchipatala, nafunsa yekha m'Chizulu chake chothyokathyoka. Palibe anamufunsa kwawo. Nesi atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Eish, baba! Mukanangokabwezera m'firiji, mankhwala akanasungunuka okha!"

Potuluka a Maulidi ankangotsimphina, chilonda chili chomwecho, ntchito itapita. Husna anawamvera chisoni ndithu, koma kabotolo katsopano anakanyamula yekha, osawapatsa ngakhale kukagwira. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.