Kansilanga Akhalira Mbatata

Chaka china mvumbi unakana kukata. Sabata yathunthu dzuwa osaoneka, ndipo pakhomo pa mayi Nangozo nkhuku zonse zinatopa. Koma wotopetsetsa anali Kansilanga, kathadzi ka nthenga zonyankhalala. Anzake mvula imangotsetsereka pamsana, akadzikutumula basi auma. Iye nthenga zake zinapindikira m'mwamba, ndiye madzi amafika pakhungu penipeni. Chifuwa chinali chitayamba kale, ndipo ankadziwa kuti akanyowanso masiku awiri adzamutola atauma gwa kuseri kwa khola.

Pansi pa nkhokwe panali pouma, koma panali Tambala.

"Achimwene," anatero Kansilanga akunjenjemera, "tambala wa kutsidya uja akuti mwakalamba. Akuti masiku ano mukulirira pansi pa nkhokwe ngati chule."

"Akutero ndani? Andione!"

Tambala anakwera padenga la khola n'kuyamba kulira mvula ili pamsana, Kansilanga n'kulowa pamalo pake. Koma ulemerero wake sunakhalitse. Mwini malo anabwerako ali chonyowa n'kumutulutsa ndi mlomo.

Mawa lake anapita kwa Galu, amene anagona pachiguduli pakhonde.

"Pepani akuluakulu, mafupa ataya kudzala aja ndi anu, kapena tiwasiyire galu wa eni?"

Galu anathamangira kudzala, Kansilanga n'kudzipinda pachiguduli chofunda. Galu atabwerako chimanjamanja, kathadzi kanapulumukira pakamwa pake, nthenga ziwiri za kumchira zitatsala. Bodza lililonse limangomugulira kanthawi kochepa, ndipo kunena zoona anatopa nako kunama.

Tsiku lachitatu anasuzumira m'khitchini. Pafupi ndi moto, m'dengu la udzu, munali Kameta, thadzi lalikulu lopanda nthenga m'khosi.

"Asisi, inu mwalowa bwanji muno osathamangitsidwa?"

"Ndikukhalira mazira, mng'ono wanga. Wokhalira sapirikitsidwa."

"Nanga mayi amadziwa bwanji kuti mukukhalira?"

"Umafufumitsa nthenga, osasuntha, munthu akayandikira n'kumang'ung'udza."

Kansilanga anaseka koyamba sabata imeneyo. Nthenga zake zinali zofufuma chibadwire. Anakankhira timbatata titatu kuseri kwa mtsuko, n'kukhalapo phee.

Mayi Nangozo atalowa ndi nkhuni anaima. "Kodi nawenso wayamba? Waikira liti? Chabwino, khala mwanawe." Anamuikira gaga m'phale.

Masiku atatu Kansilanga anauma mpaka m'mafupa, chifuwa n'kuleka. Akanangokhala chete, bwenzi nkhaniyi itathera pomwepa. Koma mimba ikakhuta maso amayamba kuona za eni. Dengu la Kameta linali pafupi kwambiri ndi moto, ndiponso linali ndi udzu wofewa.

"Asisi, ngumbi zatuluka kuchulu, anzanu akungodzaza zithokomiro. Pitani, mazira ndikuonerani."

"Ine ndinabadwa kale," anayankha Kameta osaphethira n'komwe. "Nanga wekha bwanji osapita?"

Kansilanga analumphira m'dengu kuti alowe mokakamiza. Phokoso lake linabweretsa mayi Nangozo, ndipo maso awo anagwera kuseri kwa mtsuko. Timbatata titatu tinali pamtetete, kamodzi katayamba kale kuphuka.

"Ha, masiku onsewa ukukhalira mbatata zanga? Yokhalira popanda mazira mankhwala ake ndi amodzi."

Pamudzipo nkhuku yotere amainyika m'madzi ozizira kuti iiwale zokhalira. Mayi Nangozo anamugwira mapiko, n'kupita naye pa ndowa yodzaza madzi a padenga. Anamunyika kamodzi, kawiri, kachitatu n'kuonjezera chifukwa cha mbatata yophuka ija, kenaka anamuponya pabwalo.

Mwayi wake, masana omwewo mvumbi unakata, kadzuwa n'kutuluka. Masiku atatu ouma aja ndi amene anamusunga moyo. Anakhala pamwala atatambasula mapiko, madzi akuchucha, alibe ndi mphamvu yomwe yodzikutumula.

Tambala anadutsa monyang'wa. "Zikomo amake ana. Anapiye ali kuti?"

Kansilanga sanatsegule n'komwe maso.

"Musandikumbutse, achimwene. Ana anga awaphika futali."