Phanga la Mkango ndi Mlomo wa Gwaza

Panali munthu wina mumzinda wina, dzina lake Gwaza, amene ankakonda paki ya zisangalalo kuposa mmene ena amakondera timu ya mpira. Pakiyo inali ndi akatungwe, zozungulira za ana, ndi chinthu chimodzi chimene chinkakoka anthu ochokera kutali: Phanga la Mkango. Munthu ankalowa pakamwa pa mkango wa simenti n'kukwera kasitima. Kasitimako kankathamanga naye mumdima, kukwera, kutsika, kukhotakhota, mpaka kukamulavula kunja tsitsi litaima.

Amene anaganiza phangalo ndi kulijambula anali a Thawale, mkulu wa amisiri okonza zoseweretsa zatsopano pa pakiyo. Gwaza anali asanaonanepo nawo. Ankangowadziwa pa chithunzi chakalekale, ali mnyamata wa tsitsi lambiri. Komabe dzina lawo silinkachoka pakamwa pake, moti ukamumva ukanati anakulira nyumba imodzi.

Okonda pakiyo anali ndi gulu lawo la pafoni, ndipo wapampando anali Gwaza. Mpandowo anamupatsa chifukwa panalibe wina wodziwa kufotokoza phangalo ngati iye. Ankadziwa pokhota pamene mtima umatsikira m'mimba. Ankadziwa pamene mkango umabangula, ndi pamene madzi amakuwaza kumaso. Mpando umenewu ankaunyadira kwambiri, pakuti kunyumba ndi kuntchito mawu ake sankapita patali.

Koma Gwaza anali ndi chinsinsi. M'phangamo anali asanalowemo ngakhale kamodzi. Anali munthu wamantha, woti kabaza akafika potsetsereka iye ankatsika n'kuyamba kuyenda wapansi. Ku paki ankakhala pabenchi pafupi ndi potulukira, atasunga zikwama ndi zipewa za anzake. "Inu lowani," ankatero, "ine ndinakwera mpaka kutopa." Otuluka akamasimba zimene aona, iye ankatola mawu awo limodzilimodzi, madzulo n'kukawagawa pagulu ngati ake.

Tsiku lina kunamveka kuti a Thawale apuma pantchito, ndipo m'malo mwawo mwalowa Mayi Nankhoma, ochokera ku kampani ina. Mafoni anatentha. Wina anati paki yatha basi. Wina anati mkango uja ausandutsa mphaka. Wina anapeza chithunzi cha mayiwo n'kunena kuti munthu womwetulira chotere sangathe kuopseza anthu. Mmodzi yekha ndiye analemba kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, tiyambe taona ntchito yawo. Gwaza anamuchotsa m'gulumo nthawi yomweyo.

Posakhalitsa phangalo analitseka. Mutu wa mkango anauchotsa, kutsogolo konse n'kutchinga ndi malata. Apo Gwaza anachita ngati wagwa maliro. M'mawa ankalemba, masana ankalemba, kuti mayi ameneyu waononga m'kati monse, ndipo wathira mchenga m'ntchito ya a Thawale.

Mayi Nankhoma anazimva zonsezi, koma ankadziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Anaitana gulu lonse kuti libwere Loweruka. Anthu atasonkhana pamalata paja, mayiwo anafotokoza bwinobwino. Anati phanga latsopano silinayambe n'komwe kumangidwa. Mutu wa mkango anauchotsa chifukwa unang'aluka, koma m'kati sanakhudzemo kanthu. Lero akwera phanga lakale komaliza, pamodzi ndi a Thawale amene abwera kudzalitsanzika, kenako aliyense anene zimene akufuna kuti zisungidwe.

Onse anamva, kupatula Gwaza. Iye anali kumbuyo, mutu uli pafoni, akulembera gulu kuti mayiyu amalankhula kwambiri, chonsecho gulu lonselo linali litaima pomwepo.

Anadzidzimuka atamva akumuitana. "A wapampando," anatero Mayi Nankhoma, "kwathu mwini mowa amayamba walawa, kenako chikho chimapita kwa wamkulu. Ine ndikhala kutsogolo. Mpando wachiwiri ndi wanu."

Anthu anaomba m'manja. Gwaza anayang'ana uku ndi uku kufuna chikwama choti asunge, koma tsiku limenelo zikwama zonse anali atazisiya ku ofesi. Anaima pakati pa zinthu ziwiri: kuulula kuti sanakwerepo, mpando n'kumuthawa, kapena kulowa mumdima uja.  Analowa pakakhomo ka m'mbali n'kukhala pa kasitima. Pambali pake panadzakhala bambo wina wachikulire, wadazi, wovala jekete yotuwa, amene anamupatsa moni mwaulemu. Gwaza anangogwiritsitsa mpando wake.

Kasitima kanayamba bwino, ngati ngolo. Kenako kanagwera kuphompho.

"Mayo ine!" Gwaza anakuwa. Anagwira jekete ya mkulu uja ndi manja onse awiri. Pokhota paja, pamene ankaphunzitsa anzake kuti mtima umatsikira m'mimba, wake unapitirira mpaka kumapazi. Mkango utabangula anaitana amake, amene anamwalira kalekale. Madzi atamuwaza kumaso anayamba nyimbo ya pamaliro, n'kuisiyira pakati kuti alonjeze Mulungu kuti sadzajombanso kutchalitchi. Potuluka anali ndi nsapato imodzi, ndipo mkono wa jekete ya mkulu uja unali m'manja mwake.

Atangoponda pansi, mantha aja anasanduka ukali. Anakwera pabenchi yake ija kuti onse amuone.

"Anzanga, ndinkanena ine! Ichi si choseweretsa, ndi chiwembu! Amene anajambula zimenezi alibe umunthu, ngofunika kumangidwa lero lomwe. A Thawale sakanapanga zoterezi. Phanga la a Thawale linali laulemu, munthu unkatuluka ngati wachokera kokacheza!"

Anadikira kuti anthu aombe m'manja. Palibe amene anaomba.

Mkulu wadazi uja anayandikira, jekete yake ili ndi mkono umodzi. "Bambo," anatero mofatsa, "Thawale ndine. Ndipo m'phangamo simunasinthe ngakhale msomali umodzi. Ndi lomwe lija ndinajambula ndili ndi tsitsi." Anatambasula dzanja. "Mundibwezereko mkono wa jeketewo. Koma zikomo kwambiri. Chiyambire ntchito imeneyi, sindinamvepo munthu wokuwa bwino ngati inu."

Kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina amene Gwaza ankamusungira chikwama kawirikawiri. "A wapampando, si paja munkati munakwera mpaka kutopa?"

Chiseko chimene chinabuka pamenepo chinamveka mpaka kumsewu. Gwaza anatsika pabenchi pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona anamvetsa chisoni, chifukwa pakiyo ankaikondadi. Ena onse anapita kukakhala pansi ndi Mayi Nankhoma kukambirana zoti zisungidwe m'phangamo. Iye analibe choti anene, popeza ulendo wonse anali atatsinzina. Dzuwa lisanalowe, gulu linabwezeretsa munthu uja anachotsedwa, n'kumupatsanso mpando. Gwaza anapita kwawo akutsimphina ndi nsapato imodzi.

Tsono inu a kwaya yathu, nthanoyi ndakusimbirani chifukwa mwamva kuti Lamulungu likubwerali tilandira wotsogolera nyimbo watsopano. Ena mwa inu mwamuweruza kale asanakweze n'komwe dzanja. Mukuti wakale uja ndiye ankadziwa, pomwe nthawi yake yonse inu simunkabwera kokonzekera nyimbo, munkangomva kwa anzanu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Musanalire wakale, dzifunseni ngati munamudziwadi. Musanatukwane watsopano, chotsani mutu pafoni mumve zimene akunena. Apo ayi, tsiku lina mudzakwera pabenchi kutamanda munthu, mkono wa jekete yake uli m'manja mwanu.