Mkamwini ndi Chipanda cha Uchi

Kalekale, m'mudzi wina wa pamwamba pa phiri, munali mkamwini dzina lake Malunga. Senderani kuno ana inu, utsiwo ungakulizeni. Munthu ameneyu ine ndikamuganiza ndimapsa mtima, kenako ndimamumveranso chisoni.

Malunga anachokera kuchigwa, kumene dzuwa limawotcha chaka chonse, nadzakwatira mkazi wa kuphiriko dzina lake Nachisale. Za chikamwini mukuzidziwa. Munda unali wa kuchikazi. Malo a nyumba anali a kuchikazi. Ngakhale mthunzi umene ankapumirapo unali wa mtengo wa apongozi. Akamamvana ndi mkazi wake, anali ndi pokhala. Akayambana, njira yotsikira kuchigwa inali yomweyo.

Tsiku lina akudula mitengo kuthengo, anapeza njuchi m'mphako. Anayatsa udzu, nazifukiza. Zinamuluma pamphuno. Zinamuluma m'khutu. Zinamuluma ndi pena poti sindingatchule pano. Koma iye osasiya. Anafika kunyumba diso limodzi litatsekeka, atasenza zisa zodzaza khungwa.

"Uwu ndi wanga," anatero. "Sindinaupeze m'munda wa munthu. Ndi wanga ndekha."

Nachisale anaseka nkhope yotupayo, namuthandiza kufinya zisazo. Uchi unatuluka wambiri, wofiirira, wonunkhira maluwa a m'thengo. Tsono nkhani inali yakuti, ausunge muti?

Mkaziyo anatulutsa mphika wokhala ndi chivundikiro. "Kuno timasungira muno, bambo. Chivundikirochi timachimata ndi phula kuti nyerere zisalowe. Mukaufuna, mumangotapa ndi chipande."

Malunga anayang'ana kukamwa kwa mphika. Anayang'ana dzanja la mkazi wake. Anayang'ananso mphika.

"Tapisanimo dzanja, mayi."

Nachisale anapisa. Dzanja linalowa lonse.

"Ayi, uwu ayi."

Mkaziyo anatulutsa kamtsuko ka khosi lopanikizika.

"Tapisanimo dzanja, mayi."

Dzanja linakana, koma zala zitatu zinalowa.

"Ayi, akanso ayi."

Basi bambo wanuyo anazungulira kuseri kwa nyumba, nabwera ndi chipanda chouma cha khosi lalitali. Anachikolokosa, nachitsuka, koma bowo lake analisiya laling'ono, longokwana kabango.

"Tapisanimo chala, mayi."

Chala chinakana. Malunga anamwetulira ndi mlomo wotupa uja.

"Bambo," anatero Nachisale, "m'menemo uchi ulowa ndithu, koma potuluka pake..."

"Kutulukako ndi kumene sindikufuna!"

Mkaziyo anabweza mphika ndi kamtsuko pamalo pake. Mawu aja anamubaya, koma anati ndi ululu wa njuchi ukuyankhulitsa mwamuna wake, utha.

Malunga anathira uchiwo yekha, pang'onopang'ono, ndi tsamba lopinda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anatseka ndi kamtengo, namanga luzi mfundo yakeyake, napachika chipandacho kudenga pamwamba penipeni pa mphasa yogonera.

M'mawa uliwonse ankachitsitsa. Ayang'ane mfundo. Achinyamule kumva kulemera. Achipendeke, dontho limodzi pachala, anyambite, atseke, amange, apachike. Dontho limodzi lomwelo, mkazi wake osamulawitsa.

Mumati mtima unakhala pansi? Ayi ndithu. Nachisale akabwera milomo ikuwala, iye, "Mwadya chiyani?"

"Mtedza, bambo."

Nyerere ikadutsa pamphasa, iye, "Nyerereyi ikufunanji pamene munakhala inupo?"

"Ifunseni, bambo."

Akamva mkazi wake akuseka ndi abale ake pamtondo, ankasiya khasu n'kuthamangira kunyumba kukaona mfundo. Mfundo ili chimangire. Iye amvekere, "Ndiye kuti waphunzira kamangidwe kanga." Taonani munthu! Mfundo ikamasuka, wabedwa. Ikapanda kumasuka, wabedwabe.

Kenako kunabwera chisanu cha kuphiri, chija cholowa m'mafupa. Anthu ankadzuka n'kukhala chogwira mawondo kuothera dzuwa. Dontho lija linayamba kuchedwa. Mawa lake linachedwa koposa. Tsiku lina Malunga anapendeka chipanda, osatuluka kanthu. Anachizondotsa, osatuluka kanthu. Anachikhutchumula pafupi ndi khutu, zii. Koma kulemera kunali komwe kuja.

Anatenga kaudzu, napisa pabowo. Kaudzuko kanagunda chinthu cholimba. Atakasolola, kunsonga kwake kunali timibulu toyera. Anatifikisa ndi zala, tikumveka kuti khwekhwere.

"Mchenga!"

Akanangonyambita chalacho, ana inu, nthanoyi ikanathera pano. Koma anapukutira pansanza.

"Nachisale! Iwe Nachisale!" Za "mayi" zija zinathera pomwepo. "Wadya uchi wanga n'kuthiramo mchenga kuti ndizimva kulemera!"

Mkaziyo anabwera, nayang'ana kaudzuko, napumira m'mwamba. "Si mchenga uwu, bambo. Uchi wagwirana ndi chisanu. Kuno umatero. N'chifukwa chake timasungira mumphika, kuti ukauma tizitapa. Chiikeni padzuwa masiku awiri, usungunuka."

"Masiku awiri! Kuti ine ndikapita kumunda ukapemphe uchi kwa abale ako udzabwezeremo?"

"Ndiye chiikeni m'madzi ofunda pompano, inu mukuona."

"Kuti madzi alowe, ndizimva khuchukhuchu, ndiziti ndi uchi? Ine ndakula ndikudya uchi kwathu. Uchi wouma sindinauonepo!"

Zinali zoona, sanauonepo. Kuchigwa kotentha kuja uchi suuma. Koma kusaona kwakeko anakuyesa umboni.

"Ndikukaitana amalume ako," anatero.

Apa Nachisale anagwada. "Chonde bambo, musaitane anthu. Nkhaniyi ithere m'nyumba muno. Mawu mukawatulutsa pabwalo sindidzatha kuwabweza."

Iye ankachitira chifundo mwamuna wake. Malunga anaona ngati ndi mantha a wakuba, ndipo anathamanga koposa.

Anabwera a Kwenda, amalume ake a Nachisale, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anabwera apongozi. Anabwera a pamtondo, misi ili m'manja. Anabwera ndi ena ongodutsa, poti nkhani ya eni ake imakoma. Onse anakhala pabwalo, dzuwa lili pamutu.

Malunga anaimirira, chipanda chili m'manja. "Mwana wanuyu ndi wakuba," anatero. "Wandibera m'nyumba mwanga momwe."

Amayi ake a Nachisale anagwira pakamwa.

A Kwenda anakhosomola. "Mkamwini, mawu amenewo ndi olemera. Khalani pansi. Chipandacho tichiike padzuwa apa, ine ndichilondera ndekha, tione."

"Inunso mukuti padzuwa? Mwapangana! Nonse ndinu amodzi!"

"Mkamwini, khalani pansi."

"Ndikuonetsani mchenga wakewo!"

Anachikweza m'mwamba, nachimenyetsa pamwala wa mphero. Phwaa!

Zidutswa za chipanda zinamwazika. Pakati pa bwalo panagubuduka chimbulu choyera mbuu, chooneka ngati chipanda chomwecho, ndi khosi lomwe, n'kugawika pawiri m'fumbi. Fungo la maluwa a m'thengo linadzaza pabwalo ponse.

A Kwenda anadzuka mosafulumira. Ananyema kachidutswa, naponya m'kamwa. Ananyemanso kena. "Tsegulani pakamwa, mkamwini. Lawani mchenga wanu."

Malunga analawa. Tseketseke! Uchi wake wonse unali pomwepo, osachokapo ndi pang'ono pomwe, kupatula madontho amene ananyambita yekha.

Nachisale sanakalipe, sanalire. Anangofunsa, "Mwaumva kukoma, bambo? Ine kukoma kwake sindikukudziwa. Ndinaufinya ndi manja angawa, n'kukasamba osanyambita, poopa maso anu."

Analowa m'nyumba. Anatulutsa khasu, naika pansi. Anatulutsa nkhwangwa, naika pansi. Anatulutsa mphasa yopinda, naika pansi.

"Mayi, pepani," anatero Malunga. "Ndinalakwa. Pepani, mayi."

"Pepani wa m'nyumba ndikanamumva. Mwanditchula wakuba pamaso pa amayi anga."

Malunga anayang'ana a Kwenda kuti mwina amulankhulira. A Kwenda anali kuyang'ana pansi. Anayang'ana apongozi. Apongozi anatembenukira kumbali.

Nachisale anathyola tsamba la nthochi, natola zimbulu ziwiri zija, nazipukuta fumbi, nazikulunga bwinobwino. Anagwada, namupatsa ndi manja awiri. "Tengani. Ndi wanu nokha."

Ndiye Malunga anayamba kutsika phiri, khasu ndi nkhwangwa paphewa, mphasa kukhwapa, phukusi m'manja. Anatsika, anatsika. Mphepo yozizira inatsala m'mbuyo. Anatsika, anatsika. Thukuta linayamba. Phukusi lija linayamba kufewa. Dontho linagwa paphazi. Lina linagwa. Anafumbata ndi manja onse awiri, uchi n'kumatuluka m'mipata ya zala, wofiirira, woyenderera, monga tsiku lomwe anaufula. Anayesa kunyambita uku, ukudontha uko. Anayesa kuthamanga, ukudontha koposa.

Pofika patsinde pa phiri, m'manja munatsala tsamba lokhalokha. Anaima, nayang'ana kumwamba kumene anachokera.

"Padzuwa," anatero. "Anandiuza kuti padzuwa."

Koma panalibe womumva, kupatula ntchentche zimene zinkamutsatira.

Nthano yanga yatsika phiri, yathera pomwepa. Posankha mosungira zinthu zako, uzitsekera nyerere, osati munthu amene umagona naye nyumba imodzi.