Mwendo wa Abiti Sumani

Che Ndembo anafika pamzikiti wa kwathu ku Ntaja titangotsiriza swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo. Anthu anali atabalalika. Tinatsala ine ndi Shehe Twaibu, mphunzitsi wanga, amene anali pakhonde akusoka mkeka wopemphererapo womwe unang'ambika m'mbali. Che Ndembo anali mwini malole atatu onyamula fodya, ndipo ndiye anafolera mzikitiwo ndi malata, nkhani imene sankalola kuti tiiwale. Tsikulo za malata sanatchule. Anapereka salamu nakhala pansi osadikira mpando, pepala lopinda lili m'manja.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani ya achemwali anga, Abiti Sumani," anatero. "Lero ndi tsiku lachisanu ali m'chipatala. Shuga wawadya phazi, lada bii mpaka m'kakolo. Madokotala akuti akapanda kudula mwendowo chilonda chikwera, ndipo mwezi wamawa sitikhala nawo. Iwo akukana."

"Allah awapepuzire ululu," anayankha Shehe. "Nanga pepalalo n'lachiyani?"

"N'lovomereza opaleshoni. Ndinati ndisaine ine, poti mwinimbumba ndine. Dokotala wandikaniza, akuti mayiwo mutu wawo ukugwira bwinobwino, adinde okha chala. Tangoganizani, Shehe, mwana wadzulodzuloyu kundiphunzitsa ine za mlongo wanga."

"Tsono mukufuna ine nditani?"

"Inu amakumverani. Mupite mukawauze kuti kukana chithandizo n'kudzipha, ndipo kuti akamwalira motero simudzawapempherera janaza, pemphero la maliro lija. Akangomva zimenezo adinda lero lomwe."

Ndisabise, ine ndinaona ngati ndi nzeru. Abiti Sumani ndinkawadziwa. Kwa zaka zambiri ndiwo ankaphikira phala ana a madrasa athu, ndipo palibe amene ankafuna kuwataya. Ndinadzifunsa mumtima kuti kabodza kamodzi kopulumutsa moyo kangalakwe chiyani. Mwayi wanga unali woti Shehe anayamba kuyankhula ine ndisanatsegule pakamwa.

"Akuti akukaniranji?" anafunsa, atabaya singano pamkeka.

"Akungoti ayi."

"Munawafunsa chifukwa chake?"

Masiku asanu onsewo Che Ndembo anali atayankhula ndi madokotala, anamwino, ngakhale achibale a ku Joni pafoni, koma mwini mwendo sanamufunse kanthu.

"Ndikalowa m'wodimo timangokangana, kenako amatembenukira kukhoma," anavomera. "Shehe, mayi athu atamwalira anandilera ndi iwowa. Ndingokhala n'kumawayang'ana akuwola?"

Apa ndinamumvera chisoni kwambiri. Ukali wonse uja anali mantha a munthu amene akuona kuti atsala yekha.

Shehe anamusiya kuti apukute m'maso, kenako anati, "Che Ndembo, nanenso ndikufuna achire, ndipo mwendowo ukanakhala wanga ndikanalola kuti audule. Koma si wanga, komanso si wanu. Thupi limenelo Allah anasungitsa iwo, ndipo wodzafunsidwa za ilo ndi iwo. Umwinimbumba umakupatsani udindo wowasamala, osati wowagwira dzanja n'kudinditsa. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tingathe kungomuunikira njira."

"Ndiye simupita?"

"Ndipita, ndipo tipitira limodzi mawa m'mawa. Ndikakhala pansi ndi kuwafunsa chimene akuopa. Ngati akuganiza kuti kudula chiwalo n'koletsedwa, ndikawauza zoona, kuti n'kololedwa, ndi kuti amene analenga mwendowo sangadzalephere kuubwezera pa tsiku la Kiyama, akufa akadzauka. Ngati akuopa kusanduka mtolo pakhomo, woyankha zimenezo ndinu. Ngati pali chimene sanamvetse, tikaitana dokotalayo afotokozenso pang'onopang'ono. Ndikawachonderera ndithu, monga mnzawo wakalekale. Koma kuwaopseza ndi chilango chimene Allah sanandiuze, chimenecho sindichita."

Che Ndembo anayang'ana pepala lija kwa nthawi. "Nanga akamva zonsezo n'kukanabe?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akakanabe, atamva zonse ali ndi nzeru zawo, mudzakhala pambali pa bedi lawo n'kumawamwetsa madzi, ndipo janaza yawo ndidzapempherera ndine," anatero Shehe. "Kufa angathe kufa, Che Ndembo, ngakhale atadula mwendowo, pakuti tsiku la munthu alidziwa ndi Allah yekha. Chimene sindingalole n'choti afe akukhulupirira kuti Mbuye wawo wawataya, chifukwa choti ine ndinawanamiza."