Atche Ndani Mwana wa a Nagama?

Kalekale, koma kale lake la mafoni omwewa, panali ana atatu a mimba imodzi, onse odziwa kulemba mapulogalamu a pakompyuta: Ganizani, Siyeni ndi mlongo wawo Mwandida.

Chipatala china chakumudzi chinkavutika kupeza magazi. Adokotala adapempha atatuwa kuti apange tsamba la pa intaneti lolembapo anthu opereka magazi, mtundu wa magazi awo ndi nambala za foni, ndipo lithe mvula isanadule misewu.

Ganizani, wamkulu, anali atalemba kale maziko a mapulogalamu otere zaka zam'mbuyo: polembetsera anthu, posakira mayina, potumizira mauthenga. Anali munthu wosataya ngakhale msomali wopindika, ndiye zonsezo adazisunga bwinobwino. Koma ulendo uno, mwa kunyada kwake, adafuna kuyambiranso zatsopano, ntchito ya miyezi isanu.

Siyeni, amene kwawo ankamunena kuti ndi mlesi, adakana. "Achimwene, woumba njerwa sasema chikombole chatsopano nyumba iliyonse," adatero. Adafukula maziko akale aja n'kumangapo, tsamba n'kutha m'masabata awiri.

Mwandida sadalembe zambiri. Iye adapita kumidzi kukayesa kulembetsa anthu, n'kupeza kuti tsambalo likukana ambiri. Maziko aja adalembedwera anthu a m'tauni, komwe aliyense ali ndi foni yakeyake, choncho nambala ikalowa kamodzi, kachiwiri inkakanidwa. Pomwe kumudzi foni imodzi ndi ya banja lonse, mpaka apongozi. Adakonza mizere itatu yokha ya pulogalamuyo, okanidwa onse aja n'kulowa.

Mvula itafika, mlatho udakokoloka. Mayi ena a m'deralo, a Nagama, amene inali mimba yawo yoyamba, adataya magazi ambiri pochira, ndipo mtundu wa magazi awo unali wosowa. Namwino adasaka patsamba lija n'kupeza munthu mmodzi yekha tsidya lino la mtsinje, bambo wina wosoka nsapato, yemwe adalembetsa pa foni ya mlamu wake. Bamboyo adafika panjinga atanyowa thupi lonse, napereka magazi. A Nagama adatsitsimuka, mwana n'kuyamwa. Mitima ya anthu idakhala pansi, ndipo ine ndemwe nditamva ndidapumira m'mwamba.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, amuna awo a Nagama adapempha wosoka nsapato uja kuti atche mwanayo dzina. Iye adakana, ati ana ake asanu ndi awiri adamuthera mayina, nalozera atatu aja. Apo ndiye padavuta. Ganizani ati popanda maziko ake panalibe pomangira. Siyeni ati pakadapanda iye, bwenzi mvula itawapeza akulembabe. Mwandida adangofunsa kuti munthu wa foni yobwereka akadapezeka bwanji.

Musandiuze kuti mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa. Koma dzina amatcha munthu mmodzi, ndipo mwana akudikira. Nanga inu mukuti atche ndani: wosunga zakale, wokana kuyambiranso, kapena wodziwa anthu akwawo?