Mwendo wa Sajeni Likonde

Tsiku lina Lachiwiri, titangotuluka m'swala ya masana, Alhaji Mwanyali anaimika galimoto yawo pansi pa mtengo wa mango wa pamzikiti, natsika atasenza mwendo paphewa. Inde, mwendo. Wapulasitiki, wa bondo lachitsulo, phazi lake litaloza kumwamba. Alhaji ndi aja a sitolo ya malata ndi simenti pamsika pathu, munthu wamtali woti polowa m'nyumba za anzake amachita kuwerama.

Shehe Twaibu Mkwepu, Mulungu awachitire chifundo, anali pamkeka pakhonde akusoka chigamba pamkanjo wawo.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Alhaji. Khalani pansi. Mlendo wanuyo mutsamiritseni kukhomako."

Alhaji anakhala, nakonza chisoti, nati, "Ndabwera ndi funso. Msilikali akavulala, woyenera kumusamala ndani, boma kapena ife amene Mulungu anatidalitsa? Yankho ndikulidziwa kale. Ndikungofuna lituluke pakamwa panu Lachisanu, pachimkuzamawu, kuti ndi akumsika omwe amve."

"Funso lobwera ndi yankho lake lili ngati mlendo wobwera ndi kamba wake, silivutitsa," anatero Shehe. "Koma mwendowu ngwa yani?"

Nkhani yake inali yotere. Sajeni Kassimu Likonde, wa m'mudzi mwathu momwemu, anatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere, ndipo anaponda bomba lokwirira. Mwendo wamanzere unatsala komweko. Zaka zisanu ndi chimodzi anali akuyendera ndodo. Tsono mwana wawo wamkazi Asiyatu ankakwatiwa Idi ikangodutsa, ndipo Sajeni anali atalumbira pamaso pa anthu kuti akuchimuna adzawalandira ataima chilili, ndodo zili kudenga. Alhaji atamva zimenezo, ulendo wawo wokapikula katundu ku Tanzania anabwerako ndi mwendo. Pamsongolo pake analembetsapo ndi penti wofiira kuti KWA MWANYALI ZONSE ZILIPO. Dzulo lake anautumiza kwa Sajeni m'mawa, madzulo unabwerera.

"Waukana, a Shehe! Akuti akudikira wa boma. Boma lake liti? Muuzeni anthu akumva."

"Mlandu wa mwendo sitingauzenge mwini wake palibe," anatero Shehe. "Galimoto muli nayo. Chonde katengeni Sajeni."

Alhaji sanazolowere kutumidwa, koma anapita. Posakhalitsa anabwera nawo. Sajeni ndi munthu wamfupi, wandevu zapamlomo zopotoka, ndipo ngakhale ali pandodo amaima ngati ali paperete. Anapereka salamu kwa Shehe, mwendo uja osauyang'ana n'komwe.

"Sajeni, akuti mwabweza mphatso."

"Ndabweza, a Shehe. Mwendo wanga sunatayike m'sitolo. Unapita utavala yunifolomu ya boma. Amene anautenga ndiye aubweze. Ndikavala wa Alhajiwu, a kuofesi aja adzangoti, 'Onani, akuyenda,' basi fayilo yanga n'kutseka."

"Mwanena zomveka. Nanga boma lakupatsani chiyani kufikira lero?"

Sajeni anapisa m'thumba natulutsa kakhadi kokulunga m'pulasitiki. "Nambala. Ndine wa 412. Chaka chatha ndinali wa 415, ndiye kuti zikuyenda."

"Atatuwo analandira miyendo?"

"Anamwalira, a Shehe. Koma zikuyenda."

"China?"

"Patsiku lokumbukira asilikali anandipatsa bulangete ndi majombo."

"Majombo angati?"

Sajeni anatsokomola. "Awiri."

Apo Alhaji anaseka mpaka chisoti chinagwa. "Mwamva, a Shehe? Majombo awiri kwa munthu wa phazi limodzi! Limenelo ndiye boma. Ife abizinesi timayamba tayang'ana kasitomala."

Shehe anatola chisoti chija, nachisasa fumbi, nawapatsa ndi manja awiri. Kenako anati, "Sajeni, ndikupempheni kanthu kamodzi. Tauvalani pano pokha, tiuone. Ukakukanani, mudzauvula."

Kwa Shehe panalibe amene ankakana. Tinathandizana kumanga malamba aja, n'kuwaimiritsa Sajeni. Abale anga! Munthu anapendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe mbali imodzi. Mwendo watsopano unafika pansi, koma wawo weniweni unatsala m'mwamba, zala zikufunafuna dothi. Atati ayese kuyenda, anangozungulira pomwepo kawiri n'kukagwira mzati.

"Alhaji," anafunsa Shehe mofatsa, "muyeso munautenga kwa yani?"

"Anandifunsa kusitoloko, ndiye ndinangowatambasulira wangawu. Mwendo ndi mwendo. Ndiponso ine sindigula zinthu zazing'ono."

Tsopano woseka anali Sajeni, akugwirabe mzati. "Mwayang'anadi kasitomala, Alhaji! A Shehe, taganizani. Lachisanu ndili mzere woyamba, chimwendo chili tantha kutsogolo, anthu m'malo momvera inu akuwerenga zoti zonse zilipo. Ndine msilikali ine kapena chikwangwani?"

"Osayamika!" anakalipa Alhaji.

"Osayeza!" anabweza Sajeni.

Shehe anawasiya mpaka mpweya unawathera onse awiri. Anamaliza chigamba chawo, naluma ulusi, nabaya singano pamkeka.

"Sajeni, kodi mwendo wotalika chonchi alipo angaufupikitse?"

Sajeni anayang'ana pansi. "Alipo. Kuchipatala cha boma kuli mayi wina, Mayi Chikaonda. Amayeza chitsa cha mwendo, amaumba kapu yolowetsamo chitsacho kuti isamatupitse, amakuyendetsa pakati pa zitsulo ziwiri ngati mwana mpaka utazolowera. Ntchito amaidziwa mayi ameneyo. Kungoti m'chipinda mwake mulibe mwendo ndi umodzi womwe. Anandiuza kuti ndikaupeza ndibwere nawo."

"Zimenezi munawauza Alhaji?"

"Sanandifunse."

"Alhaji, munawafunsa?"

"Munthu wopereka amafunsanso?"

"Ndiye kuti uku kuli mpini, uko kuli khasu," anatero Shehe, "ndipo mwini munda wakhala pakati kudikira kuti aone chimene chiyambe kulima chokha. Ukwati watsala masabata angati?"

"Asanu ndi awiri," anayankha Sajeni, mawu atatsika.

Alhaji anasendera pafupi. "Komabe funso langa lija, a Shehe. Boma kapena ife? Lachisanu mukanena chiyani?"

"Lachisanu ndikuphunzitsa za kasambidwe ka swala, Alhaji, anthu ambiri akuiwala zigongono. Koma yankho lanu ndikupatsani pano. Ine sindinaphunzire za maboma, ndingonena zimene ndaona pakhonde pano. Sajeni akunena zoona: mwendo wawo uli m'manja mwa boma, ndipo mphatso yanu siichotsa udindo umenewo. Inunso mukunena zoona: munthu sangaimire pakhadi. Choncho Sajeni, mwendowu mutenge. Mawa Alhaji akakutulani kwa Mayi Chikaonda, ndipo azikutulani tsiku lililonse limene mayiyo anene, mpaka mutayenda."

"Tsiku lililonse?" anatero Alhaji. "Nanga sitolo?"

"Zonse zilipo, sizithawa. Kugula n'kwa tsiku limodzi, kuphunzitsa munthu kuyenda ndiye sadaka yeniyeni."

"Nanga fayilo yanga?" anafunsa Sajeni.

"Panopa kuofesiko mumapitako kangati?"

"Kawiri pachaka. Ndodo zimapweteka m'khwapa."

"Mukayamba kuyenda muzipitako Lolemba lililonse. Mwendo wa Alhaji uzikunyamulani pokalondola wa boma. Fayilo ya munthu wobwera sabata ndi sabata sitsekeka."

Ndevu za Sajeni zinagwedezeka pang'ono. Chinthucho chinawakomera, tonse tinaona. Koma analoza penti wofiira uja. "Nanga izi?"

"Alhaji," anatero Shehe, "mwagula mwendo wodula. Onjezeranipo kanthu kotchipa. Kagulireni sokosi yakuda, yaitali, yofika m'bondo."

Alhaji anadzidzimuka ngati apondedwa. "Sokosi? A Shehe, penti ameneyu ndinalipira! Mukaphimba dzinalo, adzadziwa ndani kuti ndine ndinapereka?"

Shehe anawayang'ana mwachifundo nati, "Zitengera amene mukufuna kuti akulipireni, Alhaji. Ngati ndi anthu a pamsika, siyani poyera, akulipirani pokuomberani m'manja ndipo nkhani ithera pomwepo. Koma ngati ndi Mulungu, musade nkhawa. Iye amawerenga ndi m'kati mwa sokosi momwe."